Momwe mungatutire zipangizo ndi kukonza malo omangapo kanyumba kutali ndi msewu

Pa ntchito yonse yomanga kanyumba kutchire, komwe kulibe magetsi ngakhale madzi a m'mipopi, gawo lomwe limadya ndalama ndi mphamvu kwambiri ndi kufikitsa katundu pamalopo. Mmisiri ndi anthu ake amafika wapansi, koma simenti, mchenga ndi miyala zimafuna njira. Ndiye musanagule ngakhale msomali umodzi, yambani ndi njirayo. Za mapepala a malo ndi chilolezo chomangira ndikuyesa munathana nazo kale.

Njirayo iyendeni wapansi, kuchokera pomwe msewu wabwino wathera mpaka pamalo panu, ndipo ngati n'kotheka mvula itangogwa kumene. Tengani tepi. Yezani pomwe papanikizika pakati pa mitengo kapena miyala, onani nthambi zomwe zingakole katundu pamwamba pa lole, pondani pamawoloko kuti mumve ngati pansi n'polimba. Funaninso pomwe galimoto yayitali ingatembenukire, chifukwa dalaivala akaona kuti kutsogolo kulibe potembenukira, sangalowe ngakhale mumuchonderere bwanji.

Apa ndi pomwe ine zinandisokonekera, ndipo ndikufuna mumvetsetse. Galimoto yanga yaing'ono inkadutsa njira yonse bwinobwino. Lole yodzadza simenti ndi malata itafika pakhwawa lina, matayala akumbuyo anayamba kuzungulira pamodzimodzi, n'kumatitimira. Dalaivala anakana kupitirira, ndipo sindikumuimba mlandu, galimoto inali ya bwana wake. Katundu yense anatsitsidwira pamenepo, padothi lonyowa, mtunda wautali ndithu kuti tifike pamalo. Usiku kunagwa mvula. Lenti inaphimba pamwamba, koma chinyontho chinalowera pansi. Pomwe tinkamaliza kusenza, matumba apansi anali atalimba m'makona, ukawagwira ngati wagwira mwala. Simenti yotere musaiike m'maziko, ngakhale wina akuuzeni kuti tingoiphwanya n'kuisefa. Mphamvu yake yatha kale.

Chofunika ndi kusankhiratu malo otsitsira katundu pomwe lole ingafike popanda mavuto, ndi kuwakonza lole isananyamuke. Pakhale pokwererapo pang'ono. Yalani mitengo pansi, pamwamba pake matabwa, kuti thumba lisakhudze dothi, kenaka pulasitiki, ndipo lenti ikhale yokwanira kuphimba mpaka m'mbali. Matumba musawasanjikize kupitirira 10. Gwirizanani ndi dalaivala zisanachitike: katundu akatsikira pati, ndipo galimoto ikatitimira wolipira woikoka ndani. Ambiri amatchula mtengo wotsika pafoni, akafika pakhwawa nkhani imasintha. Kuchokera potsitsira katundupo mupitiriza ndi chomwe njira ikulola, kaya ndi thirakitala, ngolo, wilibala kapena pamutu.

Tsopano werengerani kulemera, chifukwa maso amanama. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndiye matumba 20 akwana kale tani imodzi. Kiyubiki mita imodzi ya mchenga wouma imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, wonyowa umaposa pamenepo, ndipo miyala ya kwale siisiyana kwambiri. Konkire ndi makilogalamu pafupifupi 2,400 pa kiyubiki mita. Pansi pa kanyumba ka mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi, mukathira konkire wokhuthala masentimita 10, ndiye kuti mwatuta matani pafupifupi 6, makoma musanayambe n'komwe. Wilibala wamba imanyamula malita pafupifupi 65, kutanthauza maulendo oposa 15 pa kiyubiki mita imodzi, ndipo pachitunda simungaidzadze. N'chifukwa chake kumalo ovuta kufikako ine ndimalimbikitsa kanyumba ka matabwa kokhala pa mizati ya konkire. Mumangokumba maenje ochepa, simenti imalowa yochepa, ndipo chiswe chikayamba kukwera mumaona njira yake pamzati. Madzi musawaiwale: diramu ya malita 200 ndi makilogalamu 200, ndipo konkire amamwa madzi posakaniza komanso pomuthirira.

Ogulitsa ena akadziwa kuti katundu akupita kutali, komwe simungabweze, amakuponyerani zilizonse. Simenti igwireni thumba lililonse m'makona, ndipo lomwe likuoneka kuti linasokedwanso, liikeni pasikelo. Mchenga uyeseni m'botolo: thirani mchenga, onjezani madzi, khutchumulani, dikirani udikhe. Matope amakhala pamwamba pa mchenga, ndipo akachuluka, ubwezeni. Yezani bodi ya lole ndi tepi, m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake, kuti mudziwe ngati mwalandiradi zomwe mwalipira. Matabwa omwe akuti ndi othira mankhwala, dulani limodzi muone mkati. Ena amangopaka mtundu wobiriwira kunja. Ngati pafupi ndi malo anu pali miyala kapena mchenga wabwino ndipo malamulo akulola kutenga, mwapulumutsa ndalama zambiri za mayendedwe.

Potuta, yambani ndi zida, lenti ndi madiramu. Kenaka miyala ndi mchenga, zomwe mvula siziononga ndipo akuba sazilabadira kwenikweni. Simenti ibwere pambuyo pa zimenezi, pang'onopang'ono, malinga ndi ntchito ya sabata imeneyo, poti ikakhala miyezi yopitirira 3 imayamba kufooka ngakhale muisunge bwino. Popakira, zolemera zikhale pansi ndi pakati. Malata amangeni ndi zingwe kutsogolo ndi kumbuyo, matabwa atawapanikiza pamwamba, chifukwa mphepo ikalowa pansi pa lata limodzi, onse amauluka, ndipo lata louluka limacheka munthu.

Malo enieni omangapo asankheni pokwererapo, osati m'chigwa kapena pansi pa mtengo waukulu. Mvula ikagwa, pitani mukaone komwe madzi akudzera. Ngati mudzaika sola, denga kapena poimika mapanelo payang'ane kumpoto mukakhala kummwera kwa equator (mzere wa pamapu wogawa dziko lapansi pakati), kummwera mukakhala kumpoto kwake, ndipo pasagwe mthunzi masana. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30.

Lambulani malo okulirapo kuposa kanyumbako, kuti pakhale poyenda ndi wilibala komanso kuti moto wolusa usafike pakhoma. Mitengo yomwe sikutchinga isiyeni. Zitsa zizuleni ndi mizu yomwe, chifukwa muzu wotsala umawola, dothi n'kutitimira, komanso umaitana chiswe. Dothi lakuda lapamwamba lichotseni lonse mpaka mufike polimba, muliunjike pambali, lidzagwira ntchito kudimba. Pamalo otsetsereka ndi bwino kudula mbali yokwera kusiyana n'kudzaza mbali yotsika. Ngati mwadzaza, tsinderani pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, mukuwaza madzi.

Pokhoma zikhomo ndi kukoka chingwe, makona muwawongole ndi muyeso wa 3-4-5: mamita 3 mbali imodzi, 4 mbali inayo, pakati pa nsonga ziwirizo pakwane 5 ndendende. Kenaka yezani chopingasa kuchokera kona ina kupita ina, mbali zonse ziwiri zifanane. Levulo yake musagule makina okwera mtengo. Payipi yopyapyala yoonekera mkati, yodzadza madzi popanda mpweya wotsalira, imakuonetsani msinkhu wofanana pa zikhomo zonse, ngakhale zotalikirana.

Kumtunda kwa malowo kumbani ngalande yopatutsa madzi, ndipo dothi lozungulira kanyumba litsike masentimita pafupifupi 15 pa mamita 3 oyambirira. Maenje a mizati akumbeni mpaka dothi lolimba, ndipo kumayiko ozizira kwambiri apitirire pomwe nthaka imaundana. Thirani konkire, muphimbe, muzimuthirira kwa masiku 7. Matabwa ndi malata zikhoza kuyamba kubwera m'masiku omwewo.