Momwe mungasankhire nsomba za kathanki kakang'ono ka m'nyumba kuno ku Mzuzu

Mwezi wa Juni chaka chatha, mwana wa mchemwali wanga anabwera kuchokera ku Nkhata Bay atanyamula botolo la malita asanu, m'kati mwake muli timbuna titatu tabuluu, tinsomba ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi. Tinatiika m'kathanki ka galasi ka malita 15, n'kukaika pawindo kuti tizitiona bwino. Pofika tsiku lachitatu kamodzi kanali katang'ambidwa zipsepse n'kumabisala kuseri kwa mwala. Sabata isanathe tinsomba tonseto tinafa. Mwanayo anandifunsa misozi ikulengeza: "Amalume, talakwitsa pati?" Tinalakwitsa posankha nsomba chifukwa cha kukongola kwake, osaganizira madzi amene tinali nawo. Nazi njira zoti mutsatire kuti zisakuonekereni inu.

Choyamba, dziwani malita a thanki yanu

Tengani tepi muyeze m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wa thankiyo m'masentimita. Chulukitsani manambala atatuwo, kenako gawani ndi 1000. Thanki ya masentimita 40 m'litali, 25 m'lifupi ndi 25 kupita m'mwamba imalowa malita 25. Koma mukathira mchenga, miyala ndi kusiya mpata pamwamba, madzi enieni amatsala pafupifupi malita 20, ofanana ndi chigubu chimodzi chimene timatungira madzi. Nambala yomaliza imeneyi ndi imene muziwerengera nsomba.

Ambiri amaganiza kuti thanki yaing'ono ndiyo yosavuta. Ayi ndithu. Madzi akachepa, ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimawaononga msanga, ndipo amazizira ndi kutentha mwachangu. Ngati chimene muli nacho ndi kambale kagalasi kozungulira ka malita asanu, dzalanimo duwa, musaikemo nsomba. Ine ndimayambira pa malita 20.

Chachiwiri, ganizirani za kuzizira kwa Mzuzu

Apa ndi pamene ambiri timagwera, chifukwa malangizo a pa intaneti salembedwa ndi munthu amene anagonapo ku Katoto kapena ku Luwinga mwezi wa Julaye. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera panyanja yamchere, ndipo m'nyengo yachisanu usiku kumatha kuzizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Nsomba zambiri zokongola zimene zimagulitsidwa ndi za kumalo otentha, zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27 usana ndi usiku womwe.

Musanagule nsomba, gulani kathemometa ka m'madzi. Dzazani thanki, muisiye pamalo amene izikhala, ndipo kwa sabata yonse muziwerenga kathemometako m'mamawa mukangodzuka, dzuwa lisanatuluke, komanso masana. Nambala ya m'mamawayo ikuuzani zoona. Ngati ikutsika pansi pa 22, muli ndi njira ziwiri: kugula hita ya m'madzi yokhala ndi chowongolera kutentha, kapena kusankha nsomba zopirira kuzizira. Thanki ya malita 20 mpaka 30 imakwanira ndi hita ya mawati 25, koma m'nyumba yozizira kwambiri ya mawati 50 ndiyo yodalirika.

Musaiwale kuti magetsi amazima. Akazima usiku wachisanu, fundani thankiyo ndi bulangete, ndipo mutha kuyandamitsamo botolo lotseka bwino la madzi ofunda. Musathire madzi otentha mwachindunji. Thankiyo ikhale kutali ndi windo: masana dzuwa limatenthetsa madzi n'kumeretsa ndere, usiku mphepo imalowera pomwepo.

Chachitatu, chotsani pamndandanda nsomba izi

Mbuna. Zimandipweteka kunena chifukwa ndi chuma chathu, anthu a ku Ulaya ndi ku America amazilipira ndalama zambiri kuti azione m'nyumba zawo. Koma mbuna yamphongo imalanda mwala wake n'kumathamangitsa iliyonse yoyandikira. M'nyanja yothamangitsidwayo imathawira kwina, m'kathanki ilibe kolowera, imangomenyedwa mpaka kufa. Mbuna zimafuna thanki ya malita 200 kapena kuposa, miyala yambiri yobisalamo, ndi madzi ofunda ngati a kunyanja.

Ana a chambo ndi a mlamba nawonso ayi, amakula kuposa thankiyo. Goldfish imapirira kuzizira, n'chifukwa chake anthu amaiyesa yoyenera kuno, koma imakula kufika masentimita 15 kapena 20 ndipo imachita ndowe zambiri. Samalaninso ndi pleco, ija amati imayeretsa galasi: mtundu wofala kwambiri umapitirira masentimita 30.

Chachinayi, sankhani mtundu umodzi wokha

Ngati mulibe hita, nsomba imene ndimaikhulupirira ndi white cloud mountain minnow. Kwawo ndi m'timitsinje ta m'mapiri a kumwera kwa China, ndiye madzi a madigiri 16 mpaka 22 ndi amene imakonda. Imakula masentimita anayi okha, thupi lake langati katemba kakang'ono, ndi mzere wowala m'mbali ndi mchira wofiira. Imayenda pagulu, choncho gulani zisanu ndi imodzi, m'thanki ya malita 30 kapena 40 yotalika m'litali kuti zipeze posambira. Zikazolowera, zamphongo zimatambasulirana zipsepse m'mawa kuwala kukangolowa, osavulazana. Kwa banja la ku Mzuzu limene likuyamba kumene, ndinganene kuti yambani ndi imeneyi.

Ngati muli ndi hita ndipo thanki ndi ya malita 20, tengani betta yamphongo imodzi. Imodzi basi. Ziwiri zamphongo zimamenyana koopsa, n'chifukwa chake ena amaitcha nsomba yankhondo ya ku Thailand. Musaimvere chisoni kuti ili yokha, ndi mmene imakhalira bwino. Betta imakwera pamwamba kukapuma mpweya, motero siyani mpata pakati pa madzi ndi chivundikiro, koma chivundikirocho chikhalepo chifukwa imadumpha. Zipsepse zake zazitali sizilimbana ndi madzi othamanga, choncho fyuluta, kachipangizo kosefa madzi, ikhale yofatsa. Patapita masiku imayamba kubwera kutsogolo kwa galasi ikaona amene amaidyetsa, ndipo ana amaikonda chifukwa cha zimenezi.

Guppy nazo ndi zabwino pamadzi ofunda, zitatu kapena zinayi m'malita 25 mpaka 30, koma zikhale zamphongo zokhazokha. Yaikazi siikira mazira, imabereka ana amoyo pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo kathanki kamadzaza miyezi itatu isanathe. Yamphongo mumaidziwa ndi kuchepa thupi ndi mchira wamawangamawanga. Neon tetra dikirani nazo mpaka mutakhala ndi malita 40 kapena kuposa, m'thanki imene yakhazikika kwa miyezi ingapo.

Chachisanu, konzani madzi nsomba zisanafike

Madzi a m'mipopi amathiridwa klorini kuti ife timwe bwino, koma klorini yemweyo amawotcha makha a nsomba. Thirani mankhwala ochotsa klorini, kapena tungani madzi m'ndowa yoyera imene sinalowepo sopo, muwasiye osavundikira kwa tsiku lathunthu.

Kenako pali kudikira kumene ambiri amakulephera. Ndowe za nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. M'fyuluta mumafunika kumera mabakiteriya abwino amene amasandutsa amoniyayo kukhala chinthu chosaopsa kwambiri, ndipo kuti achuluke pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Yatsani fyuluta ya siponji ndi kapampu ka mpweya, muziponyamo kachakudya ka nsomba pang'ono masiku angapo aliwonse kuti mabakiteriyawo apeze chodya. Mukapeza mnzanu wa thanki yakale ya nsomba zathanzi, mupempheni kachidutswa ka siponji yake, nthawi yodikira imachepa.

Chachisanu ndi chimodzi, yang'anitsitsani pogula

Imani patsogolo pa thanki ya wogulitsa kwa mphindi zingapo. Musagule ngati m'thankimo muli nsomba yakufa, kapena zina zili ndi timadontho toyera ngati mchere, zapinda zipsepse, kapena zikungopuma wefuwefu pamwamba. Pemphani kuti aziponyere chakudya inu mukuona: yathanzi imathamangira. Funsaninso kukula kwake ikakhwima, osati mmene ilili lero.

Ngati mukuitanitsa kuchokera ku Lilongwe, ulendo wa basi ndi wa maola angapo, ndiye thumba la nsombazo likhale ndi mpweya wambiri kuposa madzi, likulungidwe m'nyuzipepala ndi kuikidwa m'bokosi losunga kutentha. Likafika, liyandamitseni m'thanki losatsegula kwa mphindi 20, kenako muzithiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono. Pomaliza tulutsani nsomba ndi kaneti, madzi a m'thumbawo mutaye.

Zikalowa

Tsiku loyamba musazipatse chakudya. Kuyambira lachiwiri, zipatseni chimene zingamalize m'mphindi ziwiri, kamodzi kapena kawiri patsiku, ndipo pakhale munthu mmodzi wodyetsa, chifukwa m'nyumba ya ana ambiri aliyense amafuna kuponyamo kake. Nsima ndi buledi zimaononga madzi, musaikemo. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, mubwezeremo opanda klorini otentha mofanana ndi a m'thankimo. Siponji muzitsuka m'madzi amene mwachotsawo, osati pampopi, kuopa kupha mabakiteriya aja.

Tsiku lina mukadzatopa nazo kapena zikadzaswana mopitirira, musadzazitaye mumtsinje wa Lunyangwa kapena m'kamtsinje kalikonse ka pafupi ndi kwanu. Nsomba zachilendo zikakhazikika m'mitsinje zimalimbirana chakudya ndi zathu ndipo zimatha kubweretsa matenda. Zipatseni mnzanu wa thanki, kapena funsani wogulitsa uja ngati angazilandire.