Mwapeza oyilo m'mapaipi a turbo? Fufuzani izi musanagule ina

Amalawi ambiri kuno ku Joni timadyera galimoto. Wina ali ndi Quantum yonyamula anthu ndi katundu wopita kumudzi, wina Hilux kapena Ranger ya maganyu, wina Polo ya TSI. Tsiku lina mukumasula paipi yopita ku intercooler (chozizitsira mpweya umene turbo imakankhira mu injini) mumangoona oyilo ali mbwee, ndipo makaniko woyamba kumufunsa amayankha asanagwire n'komwe sipanala kuti turbo yafa. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma kawirikawiri turbo imafera mlandu wa wina, moti mukamanga yatsopano osachotsa gwero la vutolo, nayonso imayamba kutaya oyilo posakhalitsa.

Chifukwa chake n'chakuti turbo ilibe seal ya labala yotseka kotheratu. Ili ndi timphete tachitsulo tokhala ndi kampata, tofanana ndi ma ring a pistoni. Oyilo amalowa mu turbo mokankhidwa ndi pampu, koma potuluka amangotsetsereka yekha kudzera m'paipi yobwerera ku sampu, mosungira oyilo pansi pa injini. Chilichonse chimene chingamuchedwetse kutsika, kapena kumukokera mbali ya mpweya, chimachititsa kuti adutse timphete tija ngakhale turbo ili bwinobwino.

1. Onani kuchuluka kwake

Injini itazizira, masulani paipi yapansi ya intercooler. Ngati mkati mwangonona moti chala chada pang'ono, musade nkhawa, makamaka pa dizilo yomwe yayenda kwambiri. Ngati oyilo akuchita kuchucha, kapena galimoto ikutulutsa utsi wa buluu ndipo mukumathira oyilo pafupipafupi, pitirizani.

2. Dipstick

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka ndipo yezani oyilo ndi dipstick, kachitsulo koyezera oyilo. Tili ndi chizolowezi chothira oyilo woonjezera tikamanyamuka ulendo wa ku Beitbridge, ati kuti asatithere m'njira. Oyilo akadutsa mzere wapamwamba amatsekereza njira yobwerera ija, komanso wambiri amakwera ndi nthunzi. Pa dizilo, mukaona kuti oyilo akuchuluka yekha komanso akununkha dizilo, vuto lili kwina, mwina ma injector (zofayira dizilo m'masilinda) kapena DPF (sefa yogwira mwaye wa mu utsi).

3. Pezani pamene oyilo wayambira

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, choncho musapupulume. Tsatirani mpweya kuchokera m'bokosi la air filter mpaka pakamwa pa turbo. Penapake pa paipi yaikuluyo pamalumikizana kapaipi kakang'ono kochokera pamwamba pa injini, kamene amakaniko amati breather. Kamatulutsa nthunzi ya m'kati mwa injini n'kuibwezera ku mpweya wolowa kuti ipse. Masulani paipi yaikuluyo muunikemo ndi tochi.

Ngati ili yonyowa kuyambira pamene breather yalumikiza mpaka ku turbo, ndiye kuti oyilo akufika ku turbo kuchokera kunja, iyo ikungomuuzira kutsogolo. Ngati mbali imeneyi ndi youma koma paipi yotuluka mu turbo ndi yodzaza, m'pamene mungayambe kuikayikira, komabe musanaiweruze pali zina zitatu zoti muone.

4. Air filter

Ikatsekeka, turbo imayamwa mpweya movutikira ndipo mphamvu yoyamwayo imakoka oyilo kudutsa timphete tija. Kuno fumbi silisowa. Mphepo ya mu Ogasiti imaulutsa mchenga wa pa milu ya migodi yakale, ndiye muonjezerepo fumbi la msewu wa ku Tete. Komanso Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, motero turbo imazungulira kwambiri kuposa ya ku Durban kuti ipereke mphamvu yomweyo. Filter yakuda isinthidwe, osati kuimenyetsa patayala. Onaninso ngati paipi yalabala siikuphwafuka mukaponda mafuta.

5. Breather ndi mpweya wa m'sampu

Lizani injini, itenthe, kenako masulani chotsekera pothirira oyilo n'kuchikhazika pabowopo osamanga. Pa dizilo, kunjenjemera pang'ono ndi kanthunzi kochepa si nkhani. Koma chikamadumpha ngati chivundikiro cha poto wa nyemba, utsi ukutuluka mwamphamvu, ndiye kuti mpweya wa m'masilinda ukudutsa ma ring kulowa m'sampu. Mpweya umenewu umakankhira oyilo mu breather, n'kumuletsanso kutsika kuchokera mu turbo. Apa mufunika compression test kapena leak-down test (kuyeza ngati masilinda akutaya mpweya) pa galaja yokhala ndi zida. Ma ring akatha, ngakhale mutagula turbo zitatu palibe chingasinthe.

Pa injini za petulo monga TSI zizindikiro zimatembenuka. Pamwamba pa injini pali PCV valve yokhala ndi kalabala kopyapyala mkati. Kakang'ambika, chotsekera chija chimakakamira ngati wina akuchikoka m'kati, injini imaliza kakhweru ndipo imanjenjemera ikaima. Mtengo wa valve imeneyi suyandikira n'komwe wa turbo. Pamene mulipo, onani mapaipi a breather ngati sanatsekeke ndi phala lakuda la oyilo wokhalitsa.

6. Paipi yobwezera oyilo

Ili pansi pa turbo, pamalo ovuta kufika, n'chifukwa chake ambiri amaidumpha. Imasuleni. Isakhale yopindika kapena yophwanyika, ndipo mkati musakhale makala. Ndinaonapo Hilux ya m'bale wina ku Turffontein yomwe mwini wake anali atauzidwa kale kuti aigulire turbo ina. Titamasula tinapeza kuti amene anaikonza poyamba anapaka silikoni m'malo moika gasiketi, silikoniyo n'kufinyikira m'bowo.

7. Tsopano turbo yeniyeniyo

Injini ili yozima ndi yozizira, gwirani nati yapakati pa kapupa kamapiko kamene kali pakamwa pa turbo ndi zala ziwiri. Kugwedera pang'ono cham'mbali kumakhalapo pa turbo zambiri, chifukwa shaft (kachitsulo kozungulira kamene kapupako kamangidwapo) imayandama pa oyilo injini ikamalira. Chosafunika n'chakuti mapiko akhudze khoma. Kutsogolo ndi kumbuyo isamasunthe moti n'kumveka m'zala. Mapiko obenthuka, mikwingwirima pakhoma, kapena kulira ngati sayirini mukaponda mafuta, zonsezi zikunena kuti turbo yathadi. Chinthu chozungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi sichichedwa kudzidya chokha chikayamba kukhula khoma.

Chenjezo kwa a dizilo

Oyilo wodikha mu intercooler akakokedwa nthawi imodzi, injini ya dizilo imayamba kumutentha ngati mafuta. Imathamanga yokha, utsi tolo, ndipo kiyi sazimitsa. Zikakuchitikirani pa galimoto ya manual, pondani buleki mwamphamvu, ikani giya yapamwamba kwambiri n'kusiya kilatchi kuti ifere pomwepo. Njira ina n'kutseka polowera mpweya ndi thabwa, osati ndi dzanja kapena nsanza.

N'chifukwa chake mukakonza chilichonse mwa izi, chotsani intercooler muikhuthule, muitsuke, ndipo iume kotheratu musanaibwezere. Pukutaninso mapaipi onse, apo ayi oyilo wakale adzakunamizani kuti vuto likadalipo. Yendani sabata imodzi ndithu, muphatikizepo ulendo wa pa N1 kapena N3 kuti turbo igwire ntchito, kenako mumasulenso paipi ija muone.

Ngati mapeto ake ndi kusintha turbo, kaya yatsopano kaya yokonzedwanso, sinthirani limodzi paipi yolowetsa oyilo, oyilo ndi filter yake. Thirani oyilo watsopano m'bowo lolowera n'kuzunguliza shaft ndi chala musanamange, ndipo mukaliza koyamba isiyeni ilire mphindi zingapo osaponda mafuta. Ya pa scrapyard ya ku Booysens kapena m'mashopu a Jules Street muiyese monga tafotokozera pa nambala 7 musanatulutse ndalama.