Mmene ndinathetsera kulira kwa mwana bambo ake ali ku maphunziro a usilikali

Amuna anga atapita ku maphunziro oyambirira a usilikali, mwana wathu wamng'ono anayamba kudzuka pakati pa usiku akulira, kufunsa kuti adadi abwera liti. Kumuuza kuti "posachedwapa" sikunathandize, chifukwa mwana wa msinkhu wake sasiyanitsa mawa ndi mwezi wamawa. Kuwaimbira nakonso kunali kosatheka. Ophunzira usilikali sakhala ndi mafoni awo, ndipo mpata woimba kunyumba umabwera mwadzidzidzi, wa mphindi zochepa chabe.

Ndinatenga pepala lalikulu n'kujambulapo timabokosi, tsiku lililonse kabokosi kake, mpaka tsiku lomaliza maphunziro. Ndinalimata pakhoma pafupi ndi bedi lake. Madzulo aliwonse asanagone amakhwatcha yekha kabokosi kamodzi. Poona ndi maso ake kuti masiku akuchepadi, funso lija linasiya kumudzutsa usiku.

Akatha kukhwatcha amandiuza zoti ndiwalembere bambo ake, iye n'kujambula chithunzi m'munsi mwake. Pa envulopu iliyonse ndimalembapo nambala, poti kumeneko makalata amatha kufika mulu umodzi, osakanikirana, ndiye munthu wotopa kale ndi perete asamavutikenso kufufuza kuti yoyamba ndi iti. Za ngongole ndi za denga lodontha sindilembamo ayi. Angachitepo chiyani ali kumeneko, kupatula kusowa tulo?

Foni ikalira, woyamba kulankhula ndi mwana. Zanga ndimakhala nditalemberatu pakapepala, zofunika kwambiri pamwamba, chifukwa nthawi imatha musanamalize n'komwe kupatsana moni.