Half-life si kugawa ufa kawiri n'kukutumula thumba

Sabata ziwiri zapitazi ndakhala ndikuthandiza kuchonga mayeso oyeserera a Fizikisi a Folomu 4 m'sukulu za m'dera lathu, ndipo funso limodzi landisowetsa tulo. Funsolo linali losavuta: pali magalamu 800 a iodine-131 (mtundu wa iodine umene maatomu ake amasweka okha n'kutulutsa radiation), half-life yake (nthawi imene imapita kuti theka la maatomu amene alipo lisweke) ndi masiku 8, kodi pakatha masiku 24 patsala magalamu angati? Mapepala ambiri amene anadutsa m'manja mwanga anali ndi yankho limodzi: ziro. Ena analemba kuti zinatha kale pa tsiku la 16. Mwana wina, amene kalembedwe kake kakusonyeza kuti ndi wakhama, anachotsa 400 katatu n'kupeza nambala yotsika kuposa ziro, ndipo anaikhwatcha mzere kunsi.

Aphunzitsi anzanga, vuto limeneli si la ana. Tanthauzo la half-life onse analilemba bwino, liwu ndi liwu, monga mmene tinawalembera pa bolodi. Koma m'mutu mwawo muli chithunzi cha mtanda wa nsima wogawa pawiri: nthuli yoyamba yapita, yachiwiri yapita, mbale yayera. Chimene sanamve n'choti theka limene likuchoka ndi theka la zotsala, osati la zimene tinayamba nazo. Pakatha masiku 8 patsala 400, pa 16 patsala 200, pa 24 patsala 100. Ndipo magalamu 700 enawo sanasowe ngati utsi ayi. Maatomu a iodine-131 aja atulutsa tizidutswa totchedwa beta n'kusanduka chinthu china, xenon-131.

Mwina wina anena kuti ndi malikisi atatu kapena anayi chabe. Iai. Mwana amene walakwa apa amajambulanso gilafu ya mzere wowongoka wokagunda pansi, m'malo mwa mzere wopindika umene umayandikira pansi pang'onopang'ono. Akafika pa carbon-14, imene half-life yake ndi zaka 5,730, amalephera kupeza zaka za fupa lakale. Mutu wonse umagwera pa cholakwa chimodzichi, ndipo MSCE ili pakhomo.

Komanso ana amenewa mawa ndi anamwino, ogwira ntchito m'zipinda zojambulira odwala, alangizi a zaumoyo, ena kumigodi, poti ku Kayelekera ku Karonga kuli uranium, ndipo half-life ya uranium-238 ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Taonani zimene zinachitika ku Chernobyl, ku Ukraine, mu 1986, pamene malo opangira magetsi a nyukiliya anaphulika. Iodine-131 inagwera pa msipu, ng'ombe zinadya, mkaka unaipa, ndipo ana ambiri amene anamwa mkakawo anadzadwala khansa ya chithokomiro. Munthu woganiza ngati ana athuwa akanati pakatha masiku 16 mkaka wayera, pomwe gawo limodzi mwa magawo anayi likadalipo. Pamafunika masiku 80, ndiye kuti half-life khumi, kuti patsale gawo limodzi mwa magawo 1,024. Caesium-137, imene inatulukanso pa ngoziyo, ndiye nkhani ina: half-life yake ndi zaka pafupifupi 30, kotero theka linali likadalipo mu 2016. Ku Wales, ku Britain, kutali ndithu ndi Chernobyl, alimi ena a nkhosa za kumapiri ankayezetsa nkhosa zawo asanagulitse mpaka 2012.

Ndatopa nako kuwerengera ana manotsi a m'kope lachikale, lachikasu, limene mphunzitsi analandira kwa mphunzitsi wake. Timafika pa mutu umenewu teremu ikutha, timauthamangira masiku awiri, n'kunena kuti tilibe zipangizo. Zoona, sukulu zambiri zilibe Geiger counter, chipangizo choyezera radiation. Koma kodi kuti mwana amve za theka la zotsala pakufunika makina?

Nkhaniyi ndinaitchulako pa msonkhano wa makolo pasukulu ina. Bambo wina wachikulire, mlimi wa chimanga ndi mtedza, amene mdzukulu wake ali Folomu 4, anaimika dzanja. Anati, "Alangizi, zimene mukunenazo amayi anga ankazichita chaka cha njala. Ufa utatsala pang'ono mumtanga, ankatapa theka la umene ulipo tsiku lililonse. Mawa lake theka la wotsalawo. Nsima inkachepa tsiku ndi tsiku mpaka inasanduka phala, koma mtanga sunagonepo wopanda kanthu." Kenaka anapitiriza kusimba za mvula ya chaka chimenecho, za mbuzi imene anasinthanitsa ndi ndowa ya chimanga, mpaka apampando anachita kuwadula. Koma ine ndinali nditamva kale chimene ndimafuna. Bambo amene sanakhalepo m'kalasi ya Fizikisi anafotokoza m'mawu ochepa chimene ife talephera teremu yonse.

Kusiyana kwake n'kumodzi, ndipo muwauze ana. Amayi aja ankasankha okha, akanatha kutapa wambiri tsiku la alendo. Atomu ilibe woilamula. Muiwiritse, muiyanike padzuwa, muisinje mumtondo, muisakanize ndi mankhwala, half-life ya iodine-131 ikhalabe masiku 8. Ndipo palibe angaloze atomu imodzi n'kunena kuti iyi isweka mawa. Timangodziwa kuti pa gulu lalikulu, theka lidzakhala litasweka.

Tsono chochita, mwachangu, poti nthawi yatha. Tengani njere 200 za chimanga zaphwatalala, mudetse mbali imodzi ndi inki. Ana aziike m'chitini, akhutchumule, akhuthulire patebulo. Zimene zagwa inki ili pamwamba zasweka, azichotse, awerenge zotsala, alembe, abwereze kasanu ndi kamodzi. Manambala sadzakhala 100, 50, 25 ndendende, ndipo musawakonzere, chifukwa kusweka kwenikweni kumatero. Phatikizani zotsatira za magulu onse pa bolodi, aone kuti njere zikachuluka manambala amayandikira theka, kenaka ajambule gilafu okha. Pa mayeso, asanakhudze kakyuleta, ayambe agawa nthawi yonse ndi half-life kuti adziwe kuti agawa pawiri kangati, n'kulemba tebulo la mizere iwiri, masiku pamwamba, zotsala pansi. Funso la iodine lija muwapatsenso Lachisanu likubwerali, koma musinthe masiku akhale 40.