Ndondomeko Yokaonera Mabwinja Akale Muli ndi Ana Paulendo wa Pagalimoto

Mwafunsa zoyenera kuchita kuti ana asatope kapena kuvulala mukaima pamabwinja akale.

1. Fikani chipata chikangotsegulidwa. Miyala imasunga kutentha ndipo mthunzi umasowa. Kwa ana osakwana zaka 6, maola awiri ndi okwanira.

2. Onse apite kuchimbudzi musanalowe, chifukwa mkati sichipezeka msanga. Aliyense akhale ndi chipewa, madzi lita imodzi ndi nsapato zotseka zapansi pamphira. Miyala yopondedwa kwa zaka mazanamazana imaterera, makamaka ikanyowa.

3. Kangolo kokankhira khanda kasiyeni m'galimoto, mwanayo muberekeni. Misewu ya ku Pompeii, mzinda wakale wa ku Italy umene unakwiriridwa ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79 AD, ndi ya miyala ikuluikulu yamigula, moti matayala aang'ono amangokodwa.

4. Apa ndiye musanyengerere: palibe kukwera pakhoma. Makoma ambiri a ku Great Zimbabwe, mabwinja a mzinda wakale m'dziko la Zimbabwe, anamangidwa posanjikiza miyala popanda matope omatira, ndipo ena amatalika mpaka mamita 11. Mwala umodzi ukasuntha, ena amatsatira. Asapisenso dzanja m'ming'alu, muja mumabisala njoka ndi zinkhanira. Phale lililonse limene atola alibwezere pomwepo, popeza kuchoka nalo n'kuphwanya lamulo m'mayiko ambiri.

5. Sankhiranitu malo atatu okha pamapu, muyambire okwera ana akadali ndi mphamvu. Apatseni chochita: awerenge masitepe, afufuze pamene panali khomo.

6. Gwirizanani pokumana wina akasochera, ndipo nambala yanu yafoni muilembe papepala m'thumba mwa mwana aliyense.