Munagula misoti koma imodzi yayamba kulira kokoliriko? Chitani izi

Zimenezi zimachitika kwambiri mukagula anapiye a Mikolongwe a masabata 6, chifukwa pa msinkhu umenewo ngakhale wogulitsayo sadziwa bwinobwino. Mavenda ena a pa Lizulu amakulumbirirani kuti zonse ndi zazikazi pomwe akungofuna katundu athe.

Choyamba tsimikizani kuti ndi tambaladi. Lipombo lake limakula msanga ndi kufiira anzake asanayambe, miyendo imanenepa, ndipo nthenga za m'khosi ndi za pamsana chakumchira zimakhala zosongoka, zonyezimira. Ikafika miyezi 4 kapena 5 imadziulula yokha m'bandakucha.

Kenako werengani nkhuku zanu. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 8 mpaka 10. Akachepa, amawakwera mpaka kuwasosola nthenga pamsana, ndipo mazira amatsika. Ngati muli naye kale tambala wina, khalani okonzekera ndewu ya magazi. Ambiri amaganiza kuti popanda tambala thadzi siliikira. Limaikira ndithu, kungoti mazirawo saswa. Choncho ngati mumangofuna mazira odya ndi ogulitsa, tambalayo akungotha madeya. Ngati mukufuna anapiye, musungeni, pakuti wa Mikolongwe akakwera zachikuda ana ake amakula matupi.

Koma ngati ndi mbale wa misoti yomweyo, kulibwino kusinthanitsa ndi wa khola lina kuti asakwere abale ake. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ine khola langa kuno ku Bembeke linatsala pang'ono kutha. Ndinasinthanitsa tambala pamsika mwezi wa Okutobala, wooneka wathanzi, maso owala, akudya bwino. Sabata isanathe anavala jekete, mapiko gwee pansi, chitosi chobiriwira, khosi lopindika. Chinali chitopa, ndipo chinalowa m'khola lonse. Zinapulumuka ndi zomwe zinali ndi katemera basi.

Ndiye tambala wachilendo asaonane ndi nkhuku zanu kwa masabata awiri. Mumuike payekha kutali ndi khola, mbale yake yamadzi ikhale yakeyake, ndipo mudzimudyetsa pomaliza mukatha kudyetsa zinazo. Muvundukuleni mapiko muone nsabwe ndi utitiri. Funsani kwa alangizi a ziweto za katemera wa I-2, uja wodonthezera dontho limodzi m'diso, ndipo nkhuku zonse zizilandira miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Wa m'botolo lomwe lakhala padzuwa tsiku lonse pa benchi ya pamsika musagule, katemerayu safuna kutentha. Nyengo yotentha, chitopa chikamveka m'midzi yoyandikana, musasinthanitse n'komwe. Wina akakutsitsirani mtengo kwambiri nthawi imeneyo, dziwani kuti kwawo nkhuku zayamba kugwa.

Masabata awiri akatha, mulowetseni m'khola usiku zinzake zitagona, m'mawa ndewu imachepa.

Ngati muli pa lendi ku boma ndipo aneba akudandaula phokoso, mumutsekere m'khola lamdima mpaka dzuwa lituluke. Zimachepetsako, sizithetsa. Tambalayo akayamba kuthamangitsa ana, musazengereze kumuchotsa, amatha kuvulaza mwana kumaso.

Kugulitsa, dikirani Disembala mitengo ikakwera chifukwa cha Khirisimasi, mumunenepetse ndi madeya osakaniza soya wokazinga. Apo ayi, mupheni miyezi 6 isanadutse kwambiri nyama isanalimbe.