Kuyeza madzi a pa mjigo ndi pa chitsime: malangizo kwa makomiti a madzi

Madzi ooneka oyera ndi osanunkha akhoza kudwalitsa mudzi wonse, chifukwa tizilombo toyambitsa kolera, tayifodi ndi kamwazi sitioneka ndi maso. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Marichi 2022 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo komiti iliyonse yoyang'anira mjigo iyenera kudziwa mmene madzi ake alili isanamve kuti kwagwa matenda.

Kuyeza kumayamba ndi kuyendera malowo. Chimbudzi, khola kapena dzala zikhale pa mtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pa chitsime, ndiponso zisakhale kumtunda kwake. Onani ngati simenti yozungulira mjigo yang'aluka komanso ngati ngalande yatsekeka mpaka madzi kumadikha, pakuti m'ming'alu yotereyi ndi mmene madzi akuda amalowera, makamaka m'dzinja ndi pambuyo pa madzi osefukira.

Mukatero, pemphani mlangizi wa zaumoyo kapena ofesi ya zamadzi ya pa boma kuti atenge madzi akayezedwe. Madziwo amatungidwira m'botolo lophedwa tizilombo, amasungidwa pozizira, ndipo ndi bwino kuti afike koyezera pasanathe maola 6. Akatswiri amafufuza kachilombo ka E. coli, kamene kamasonyeza kuti m'madzimo mwalowa chimbudzi cha anthu kapena ndowe za ziweto. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Kakapezeka, madzi awiritsidwe mpaka kubwadamuka, kapena athiridwe klorini ndi kudikira mphindi 30. Madzi amatope ayambe akhazikika ndi kusefedwa, chifukwa matope amafooketsa klorini.

Vuto limene makomiti ambiri saliganizira ndi la michere yochokera m'miyala ya pansi pa nthaka. M'madera ena, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe ndi mbali zina za chigwa cha Shire, mijigo ina imatulutsa madzi okhala ndi mchere wotchedwa fluoride wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, umene ndi mlingo wa WHO. Chizindikiro chake ndi ana ambiri a mudzi umodzi okhala ndi mano a mawanga ofiirira, ndipo mcherewu ukachulukitsa kwa zaka zambiri umawononganso mafupa. Apa kuwiritsa n'kungowononga nkhuni. Klorini nayenso sachotsa fluoride, ndipo madzi akaphwera pa moto mcherewo umatsalira wochuluka kuposa poyamba. Chimodzimodzi ndi nitrate wochokera ku feteleza ndi zimbudzi, amene akapitirira mamiligalamu 50 pa lita amaika makanda pa chiopsezo. Zotsatira zikasonyeza zimenezi, ana apezeredwe madzi akumwa kwina, ndipo mjigowo utsale wochapira ndi kusambira kufikira a zamadzi atapereka malangizo ena.

Zotsatira zilizonse zilembedwe m'kaundula wa komiti pamodzi ndi tsiku lake, ndipo madzi ayezedwenso mjigo ukangokonzedwa kapena ukamizidwa ndi madzi osefukira.